Kodi Bondo la Nyanja Lalikulu Ndi Liti? Yankho kwa Abale a ku Bindura

Abale anga a pa migodi, makalata atatu afika pa tebulo langa mwezi uno ochokera ku Bindura, ndipo onse atatu adandaula za mkangano umodzi. Akuti madzulo anthu akaweruka ndi kukhala pansi m'komboni, nkhani imene itentha ndi ya nyanja. A ku Nkhata Bay akuti gombe lawo ndilo lalikulu koposa m'nyanja yonse ya Malawi. A ku Mangochi akana kwa mtu wa galu, akuti mwini wake ndi Monkey Bay, pakuti sitima zigona kumeneko. Tsono abale athu a ku Sena ndi ku Tete angoseka, akuti nonsenu mukangana za zithaphwi, simunaone Beira. Ndipo mwana wina wa sukulu wasokoneza onse powauza kuti ku India kuli Bay of Bengal, imene imeza dziko la Zimbabwe kasanu.

Nanenso ndikadangoseka, koma kalata imodzi yanena kuti anthu ayamba kubetcherana ndalama za malipiro, ndi kuti amuna awiri amene atsika kheji imodzi m'mawa uliwonse tsopano sapatsana moni. Ichi sichabwino konse. Pansi pa mgodi moyo wa munthu uli m'manja mwa mnzake, pakuti mnzakeyo ndiye amchenjeza denga likayamba kulira. Chifukwa chake ndatenga mapu ndi mabuku a miyeso, kuti mlanduwu uweruzidwe poyera, aliyense amve yekha.

Poyamba timvane mawu. Pamene nyanja ilowa m'kati mwa mtunda, mtunda n'kuikumbatira mbali ziwiri kapena zitatu, ife titi bondo la nyanja, pakuti gombe lipinda monga bondo la munthu wokhala pansi. Angelezi ali ndi mawu awiri, bay ndi gulf, ndipo Apwitikizi ati baía ndi golfo. Ku sukulu ana aphunzitsidwa kuti gulf ndilo lalikulu, lolowa kutali m'dziko, ndi kuti bay ndi laling'ono. Lamulo limeneli lithandiza pa mayeso, koma pa mapu silisungidwa ayi. Bay of Bengal iposa Persian Gulf kasanu ndi katatu. Maina awa anatchedwa ndi amalinyero a mitundu yosiyana m'zaka zosiyana, aliyense monga kunamkomera tsiku limene anafika, wopanda chingwe chopimira m'manja mwake. Si onse a mfunda wa Njovu amene ali ndi thupi lalikulu. Dzina silipima kanthu, ndipo theka la mkangano wa ku Bindura lagona pomwepa.

Timvanenso muyeso. Madzi apimidwa monga apimira munda, ndi sikweya kilomita, ndiwo malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Koma ziwerengero zokha zitopetsa mutu, chotero ndiika patsogolo panu zinthu zimene muzidziwa ndi maso kapena ndi mapazi. Nyanja ya Kariba, imene khoma lake linatha kumangidwa mu 1959, ili ndi masikweya kilomita oposa 5,000. Nyanja ya Malawi ili nawo pafupifupi 29,600, ndiko kuti Kariba alowamo kasanu ndi kupitirira. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 570, monga ulendo wochokera ku Harare kunka ku Beitbridge. Pamene itambasuka koposa pali makilomita 75, osafika ngakhale 88 amene muyenda pa basi kuchokera ku Bindura kulowa m'Harare. Dziko la Malawi lonse pamodzi ndi madzi ake ndi 118,484, ndipo Zimbabwe ndi 390,757. Sungani ziwerengero izi, tizifuna kutsogoloku.

Za m'nyanja ya kwathu

Ine ndinakwera Ilala, ndipo madoko onse awiri amene mukanganira ndinawaona ndi maso anga. Ndinene mosabisa, onse ndi aang'ono. Nkhata Bay ndi timabondo tiwiri togawidwa ndi kamtunda kopapatiza kolowa m'madzi, ndipo mnyamata wopalasa bwato awoloka pakamwa pake fodya wa mnzake asanathe. Monkey Bay, imene eni dziko aitcha Lusumbwe, ndi mphako ya madzi pakati pa mapiri a miyala, yopapatiza kotero kuti munthu aona bwino anthu oyenda tsidya lina. Kusiyana kwa ziwirizi sikuyenera ndalama ya tsiku limodzi. Ndiganiza kuti chimene chisokoneza abale a kumpoto ndi chakuti dzina la Nkhata Bay ndi dzinanso la boma lonse, lofika ku Chintheche ndi ku Usisya, pamene Monkey Bay ndi tauni chabe m'boma la Mangochi. Koma boma ndi mtunda, ndipo ife tikupima madzi.

Mukafuna mabondo aakulu enieni a nyanja yathu, yang'anani kumwera pa mapu. Kumeneko mtunda wa Nankumba ulowa m'madzi ndi kugawa nyanja mikono iwiri, wina wa kumwera cha kum'mawa umene utsikira ku Mangochi kumene utulukira mtsinje wa Shire, wina wa kumwera cha kumadzulo woloza ku Golomoti ndi Chipoka. Mikono iwiri iyi imeza Monkey Bay ndi Nkhata Bay kambirimbiri, komabe palibe Mzungu anaipatsa dzina la bay kapena gulf. Monkey Bay yeniyeniyo ndi kabondo kakang'ono ka m'mbali mwa mkono wa kum'mawa, bondo m'kati mwa bondo linzake. Madzi a mikono iyi si akuya, dzuwa ndi mphepo zifika pansi, ndipo chifukwa chake kumeneko ndiko kwawo kwa chambo, ngakhale kuti chambocho chachepa kwambiri poyerekeza ndi masiku a makolo athu. Kumpoto n'kosiyana. Kupitirira Nkhata Bay nyanja izama mamita pafupifupi 700, ndipo popeza pamwamba pake pali mamita 470 ndi kanthu kuchokera pa muyeso wa nyanja yamchere, pansi pake patsika mamita oposa 200 kunsi kwa muyeso umenewo. Inu a pa mgodi mudziwa malo a mpweya woipa kumene munthu salowa. M'nyanjamo alimonso: kupitirira mamita 200 kapena 250 kunsi mulibe mpweya wopuma, ndipo nsomba sizikhalako.

Nanga bwanji timabondo tating'ono ndito tatchuka, pamene taakulu tilibe ndi maina omwe? Funsani woyendetsa sitima. Iye safuna bondo lalikulu. Afuna zinthu ziwiri, madzi akuya ofika pafupi ndi mtunda, ndi phiri lomtchinjiriza ku mphepo. M'nyanja yathu mfumu ya mphepo ndi mwera, umene uwomba kuyambira Meyi mpaka Sepitembala, ndipo popeza nyanja yagona motalika kuchokera kumwera kunka kumpoto, mwera upeza njira ya makilomita mazanamazana yokulitsira mafunde. Nthawi ya dzinja kubwera mpoto. Monkey Bay yabisala m'mapiri ake, ndipo n'chifukwa chake kumeneko kuli malo okonzera sitima. Ilala imene tiidziwa inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa pa Monkey Bay, ndi kuyamba ntchito mu 1951. Kwa zaka zambiri inali kunyamuka kumeneko Lachisanu kunka ku Chilumba ndi kubwerera sabata ndi sabata. Nkhata Bay nayo ili ndi madzi akuya pafupi ndi gombe. Kumeneko ndiko inanyamukira sitima ya Guendolen mu Ogasiti 1914, kukathyola sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann tsidya lija, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene.

Tsono yerekezani ndi magombe otambasuka a ku Salima ndi ku Nkhotakota. Senga Bay ndi Domira Bay zipinda motakasuka kuposa madoko awiri aja, koma ndi za mchenga, zosazama, ndipo mphepo ilowa monga m'nyumba yopanda chitseko. Njanji imene inafika ku Salima mu 1935 anafuna kuti ikathere ku Domira Bay, koma potsiriza doko linakhala pa Chipoka. Pa Nkhotakota ndinaona Ilala itaima kutali ndi mtunda, anthu ndi katundu wawo n'kutsikira m'maboti aang'ono, kenaka kuyenda m'madzi ofika m'chiuno, amayi atasenza ana ndi mitolo pamutu. Munthu wochokera ku mgodi ndi sutikesi yatsopano, wailesi ndi mabulangete a ana, aphunzira tsiku lomwelo kuti kukula kwa gombe sikumthandiza kanthu.

Pali tsiku limodzi limene a kumpoto saliiwala. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inanyamuka ku Mbamba Bay tsidya la Tanganyika kuloza ku Florence Bay, kumene lero titi Chitimba. Inali yatsopano. Mafunde anaigubuduza isanafike, ndipo anthu 145 anamira. Magombe a chigawo chimenecho ndi otseguka, opanda mphako yothawiramo. Chotero inu amene mupita kwanu pa tchuthi m'miyezi yozizira, ndipo mufuna kutsiriza ulendo wanu pa boti la matabwa kunka ku Usisya, ku Ruarwe kapena ku Likoma, mverani asodzi akanena kuti lero sitiwoloka. Kugona usiku umodzi pa doko si kutaya nthawi, ndipo boti likadzaza kale musaumirire kukwera chifukwa choti masiku a tchuthi akutha.

Kutsata madzi kunka ku nyanja yamchere

Tsopano titembenukire kwa abale a ku Mozambique, ndipo njira yofikira kwawo atisonyeza ndi madzi omwe. Mvula yogwa pa Bindura itsikira mu Mazowe. Mazowe athira mu Luenha, ndipo Luenha athira mu Zambezi kunsi kwa Tete. Patsogolo pake Zambezi alandira Shire, amene anyamula madzi a nyanja ya Malawi. Madzi onsewa atulukira pamodzi ku nyanja yamchere cha ku Chinde, pa gombe lalitali lopinda limene litsikira ku Beira ndi ku Sofala.

Pa kukula, a ku Beira ali ndi mfundo, pakuti kutsogolo kwawo kuli nyanja ya Indian imene tsidya lake silioneka. Koma doko la Beira lenileni lili pa matsiriro a mtsinje wa Pungwe, pafupi ndi pamene Buzi athira, ndipo mitsinje iwiriyi itula matope usana ndi usiku. Sitima zikuluzikulu zilowa pa ngalande imene iyenera kukumbidwa kawirikawiri, ndipo madzi akwera ndi kutsika mpaka mamita 6 pa tsiku la mafunde aakulu. Beira inakula chifukwa cha njanji, imene inafika ku Mutare mu 1898 ndi ku Harare mu 1899, mayina ake akali Umtali ndi Salisbury. Mu 1913 njanji inafika kwanu komweko, ndipo chaka chimenecho mudzi umene unali kutchedwa Kimberley Reefs unasanduka Bindura. Lero paipi ya mafuta ichokera ku Beira komweko kulowa m'Zimbabwe, kotero kuti dizilo wa magalimoto a pa mgodi ayamba wadutsa m'matope a Pungwe.

Kumwera kwa Beira kuli Sofala, ndipo nkhani yake ndiikonda chifukwa ikhudza ntchito yanu. Zaka mazana ambiri Azungu asanafike, golide wokumbidwa m'mapiri a dziko lino anali kutsikira ku Sofala, kumene Aluya ndi Aswahili anali kumgula ndi nsalu ndi mikanda. Apwitikizi anamangapo linga mu 1505 kuti agwire malonda amenewo. Koma mchenga ndi matope zinatseka doko pang'onopang'ono, nyanja inadya lingalo, ndipo malonda anasamukira kwina. Bondo lilipobe pa mapu ndi dzina lake, koma sitima za malonda sizifikako.

Mabondo enieni a Mozambique ali kwina. Kumwera kuli Delagoa Bay, imene lero ati Maputo Bay, yotchinjirizidwa ndi chisumbu cha Inhaca. Angelezi ndi Apwitikizi analimbirana bondo limeneli mpaka mu 1875, pamene mtsogoleri wa France, MacMahon, anaweruza kuti ndi la Apwitikizi. Njanji yochokera ku Pretoria inafikako mu 1895, ndipo yochokera ku dziko lino inatsegulidwa mu 1955. Delagoa iposa bondo lililonse la m'nyanja ya Malawi limene lili ndi dzina la bay. Komabe a ku Malawi asagwe mphwayi, pakuti Delagoa yonse ilowa m'nyanja yawo kakhumi malo n'kutsala. Kumpoto kuli Nacala, ndipo ine ndikadakhala woyendetsa sitima ndikadasankha iyi. Pakamwa pake ndi popapatiza, m'kati ndi mozama mwachibadwa, ndipo mulibe mtsinje waukulu wothiramo matope. Nacala ndi Monkey Bay ya nyanja yamchere. Njanji yake inalumikizidwa ndi ya Malawi mu 1970, ndipo malasha a ku Moatize adutsa m'Malawi kunka ku bondo limenelo.

Chiweruzo changa ndi ichi: pa kubetcha kwa ku Bindura palibe wapambana, pakuti aliyense anali kupima chinthu chake. Ndalama zibwerere m'matumba mwa eni ake.

Zimphona za dziko lapansi

Mwana wa sukulu uja sananame, ndipo anachepetsako. Bay of Bengal ili ndi masikweya kilomita pafupifupi 2,172,000. Zimbabwe alowamo kasanu ndi theka, ndipo nyanja ya Malawi ilowamo koposa ka 70. Kuchokera tsidya lina kufika linzake pali makilomita pafupifupi 1,600, kuposa ulendo wochokera ku Bindura kunka ku Joni. Kumadzulo kwake kuli India ndi Sri Lanka, kumpoto Bangladesh, kum'mawa Myanmar, imene akulu aidziwa ndi dzina la Burma. Bondo ili si lachilendo kwenikweni kwa ife, pakuti asilikali a K.A.R. ochokera ku Nyasaland analiwoloka pa sitima mu 1944, kuchokera ku Ceylon kunka ku nkhondo ya ku Burma. 

Kukula kumeneku kuli ndi mtengo wake wowawa. Bondo la Bengal ndi lotakasuka kumwera ndi lopapatiza kumpoto, monga fanulo yothirira parafini m'botolo. Kumutu kwake madzi si akuya, ndipo mtunda ndi wathyathyathya, wa matope otulidwa ndi mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra. Namondwe akabwera kuchokera kumwera akankha madzi onse kuloza ku mutu wopapatizawo, madziwo asowa kopita, nakwera pa mtunda. Mu Novembala 1970 namondwe wotere anapha anthu osachepera 300,000 m'dziko limene chaka chotsatira linakhala Bangladesh. A ku Beira adziwa pang'ono za ichi, pakuti gombe lawo nalo ndi lotsika ndi losazama. Mu Malichi 2019 namondwe Idai analowera pomwepo, anaphwanya mzinda, napitirira mpaka ku Chimanimani kumene mapiri anagumuka.

Pakati pa zotchedwa gulf, mabuku ambiri aika patsogolo Gulf of Mexico, pakati pa United States, Mexico ndi Cuba. Ili ndi masikweya kilomita pafupifupi 1,550,000. Mukalumikiza Zambia ndi Mozambique mupeza muyeso womwewo. Pozama pake koposa pafika pafupifupi makilomita 4, monga mgodi wa Mponeng ku South Africa, umene uli pakati pa migodi yakuya koposa imene anthu anakumba. Kumenekonso kuli okumba, koma akumba mafuta ali pa nsanja zoyandama. Mu Epulo 2010 nsanja yotchedwa Deepwater Horizon inaphulika, amuna 11 anafa pa ntchito, ndipo mafuta anatayikira m'nyanja kwa miyezi itatu.

Koma pano pali mkangano wa ophunzira umene usiyana pang'ono ndi wa m'komboni. Ena akuti chachikulu ndi Gulf of Guinea, pa chipinda cha Africa kumadzulo, kumene kuli Ghana, Nigeria ndi Cameroon. Mabuku ena aipatsa masikweya kilomita 2,350,000, monga dziko lonse la Congo, ndipo ena aipatsa ochepa ndithu. Chifukwa chake n'chapafupi. Bondo lili ndi mtunda mbali ziwiri kapena zitatu, koma mbali yotsalayo ndi madzi okhaokha, ndipo pamadzi palibe mwala wa malire. Wopima ayenera kudula mzere m'mutu mwake, ndipo akausuntha pang'ono kunja, bondo likula. Gulf of Mexico ili ngati mphika wa pakamwa popapatiza, chotero onse agwirizana pamene ithera. Gulf of Guinea ili ngati mbale yathyathyathya. Bungwe loona za mapu a nyanja limene likhala ku Monaco linalemba m'buku lake la 1953 kuti mzere uchokere ku Cape Palmas ku Liberia kufika ku Cape Lopez ku Gabon, koma si onse atsata mzerewo. Ngakhale Bay of Bengal ena aipatsa 2,600,000. Mukaona mabuku awiri asiyana, musati lina lanama. Funsani pamene adula mzere.

Maboma nawo anaona kuti mizere iyi itha kubala nkhondo, pakuti m'madzi muli nsomba ndi mafuta. Chotero m'pangano la maiko la malamulo a pa nyanja la 1982 anaikamo muyeso umene ngakhale inu mutha kuuyesa pansi ndi kamtengo. Dulani mzere pakamwa pa bondo. Pa mzerewo jambulani theka la lichero, pakamwapo pakhale m'mimba mwake. Ngati madzi a m'kati alingana ndi theka la licherolo kapena aliposa, limenelo ndi bondo pa lamulo. Ngati achepa, ndi gombe lopinda chabe. Ndiponso dziko liloledwa kutseka pakamwa ndi mzere wosapitirira mamailo 24 a pa nyanja, ndiwo makilomita 44 ndi kanthu, ndipo madzi a m'kati mwa mzerewo akhala ake monga mtsinje wa m'dziko mwake. Apa mpamene ndinaseka ndekha. Pa muyeso uwu zimphona zonse zija, Bengal, Mexico ndi Guinea, n'zazikulu kwambiri kuti dziko limodzi lizitseke, ndipo sitima za mitundu yonse ziyendamo mwaufulu. Lamulo lisamala timabondo tating'ono, ta msinkhu wa Nacala.

Persian Gulf, imene Aluya aitcha Arabian Gulf ndipo akangana ndi a ku Iran za dzinalo mpaka lero, ndi yaing'ono pakati pa zinzake. Ili ndi masikweya kilomita pafupifupi 250,000, Malawi awiri ndi kanthu kakang'ono, ndipo pa malo ambiri kuzama kwake sikufika ngakhale mamita 100. Nyanja ya kwathu iiposa kuzama kangapo. Koma pa khomo lake lopapatiza la Hormuz, mu 2023, panadutsa gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta onse amene dziko lapansi linagwiritsa ntchito. Kukavuta kumeneko, mtengo wa basi ya ku Nyamapanda ukwera.

Ndasunga Hudson Bay potsiriza chifukwa cha inu amene munagwirako ntchito ku Trojan kapena ku Madziwa pa mwala wa nikelo. Bondo ili lili kumpoto kwa Canada, ndipo linatenga dzina la Henry Hudson, Mngelezi amene analowamo ndi sitima yake mu 1610 pofuna njira ya ku China. Lili ndi masikweya kilomita 1,230,000, kulingana pafupifupi ndi South Africa yense. Ena akuti mukapima utali wa gombe m'malo mwa kukula kwa madzi, Hudson ndiye aposa mabondo onse, chotero nayenso ali ndi omubetchera. Si lakuya, mamita 100 pa malo ambiri. Chodabwitsa chake ndi chisanu. Kwa theka la chaka ndi kupitirira madzi ake auma gwa, kotero kuti zimbalangondo zoyera ziyenda pamwamba pake kusaka nyama. Doko lake la Churchill, kumene njanji inafika mu 1929, lilandira sitima miyezi itatu kapena inayi yokha pa chaka. Nkhata Bay, kabondo kamene mnyamata awoloka ndi bwato, sinatsekedwepo ndi chisanu ndi tsiku limodzi lomwe.

Pa gombe la kumadzulo kwa bondo limeneli, pamalo otchedwa Rankin Inlet, panatsegulidwa mgodi wa nikelo mu 1957. Ambiri amene anatsika pansi anali Ainuit, eni dziko la chisanulo, anthu amene kale anali alenje ndi asodzi, ndipo anachoka m'misasa yawo yakutali kudzafuna ntchito monga atate athu anachokera ku Chintheche, ku Dedza ndi ku Angónia. Mwala wokumbidwa m'miyezi yozizira unali kuunjikidwa pa gombe kudikira kuti madzi asungunuke sitima ifike. Mgodi unatsekedwa mu 1962, patapita zaka zisanu zokha. Ena anapita kukafuna ntchito ku migodi ina, koma ambiri anakhala pomwepo, ndipo mudzi wa Rankin Inlet ulipo mpaka lero.